Kumene asilikali a m'thupi amagona: zomwe akatswiri a ku Durban akupeza m'kati mwa mwanabele

Mwana akabayidwa ndi chisonga kuphazi, bala n'kuyamba kutukusira, mayi wodziwa kulera sayang'ana phazi lokha. Amapapasa m'mphechepeche, ndipo zala zikakhudza kanthu kolimba koterereka pansi pa khungu, mwana n'kudzuma, amadziwa kuti watuluka mwanabele. Bala likapola, nayenso mwanabele amaphwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndi ochepa amene amafunsa kuti kanthu kameneka kamakhala kuti masiku onse kasanatupe, nanga m'kati mwake muli chiyani.

Mwanabele sabwera ndi bala. Timabadwa ndi anabele, ndipo munthu wamkulu ali nawo pakati pa 500 ndi 600: m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, ndi ambiri kwabasi m'chifuwa ndi m'mimba momwe zala sizifika. Ambiri sakwana sentimita imodzi. Madzi amene amadontha m'mitsempha ing'onoing'ono ya magazi n'kulowa m'minofu amatoleredwa ndi timitsempha tina tapadera, ndipo asanabwerere m'magazi amadutsa kaye mwa anabelewa kuti asefedwe. Chilichonse chachilendo chimene chalowera pa bala, pa katemera kapena pogonana chimathera mmenemo. N'chifukwa chake ena akabayitsa katemera wa Covid-19 ankamva chotupa m'khwapa mwa mkono womwewo.

Mumzinda wa Durban, m'mphepete mwa msewu wa Umbilo, pa sukulu ya madokotala ya Nelson R. Mandela ya yunivesite ya KwaZulu-Natal, muli malabotale a bungwe la Africa Health Research Institute, lodziwika kuti AHRI. Bungweli linakhazikitsidwa mu 2016 ataphatikiza mabungwe awiri: K-RITH ya mu Durban momwemo, yomwe inkafufuza za chifuwa chachikulu ndi HIV, ndi Africa Centre ya ku Somkhele, kumpoto kwa chigawochi. Kuti labotale yotereyi ikhale ku Durban sizinangochitika. Dziko la South Africa lili ndi anthu oposa 7 miliyoni omwe ali ndi HIV, kuposa dziko lina lililonse, ndipo KwaZulu-Natal ndiye pachimake pa mliriwu. Chimene chimasiyanitsa ena mwa akatswiri a ku AHRI ndi anzawo ambiri n'chakuti sakhutira ndi magazi okha. Amafuna kuona mnofu weniweniwo: mwanabele wochotsedwa ndi dokotala wa opaleshoni mwini wake atavomera, kapena chidutswa cha phapo chimene chadulidwa chifukwa chawonongeka ndi chifuwa chachikulu. Chifukwa chake n'chomveka. Mwa maselo onse oteteza thupi otchedwa lymphocyte, omwe akuyenda m'magazi pa nthawi imodzi ndi pafupifupi 2 pa 100 alionse. Otsalawo ali m'minofu, ndipo nkhondo ya HIV imamenyedwera kumeneko.

Aliyense amene anakhalapo pa benchi ya kuchipinda cha uphungu anamva za asilikali a m'thupi. Aphungu amati kachilombo kamapha asilikali, ma ARV amakagonetsa, asilikali n'kuyambanso kuchulukana. Ndi phunziro labwino ndipo lapulumutsa anthu osawerengeka. Koma silinena kanthu za kampu. Msilikali amafuna pogona, chakudya, njira zoyendamo ndi bwalo lolandirirapo malamulo, ndipo pamafunika ena oti amange ndi kusamala zonsezi, anthu osagwira mfuti n'komwe. M'mwanabele, m'kapamba ndi m'ziwalo zina za chitetezo, ntchito imeneyi ndi ya maselo amene akatswiri amawatcha maselo a stroma. Kwa zaka zambiri ankawaona ngati zogwiriziza chabe. Lero zadziwika kuti iwowa ndi amene amalamula kuti selo liti lilowe, likhale pati, likumane ndi liti, ndipo likhale ndi moyo kwa nthawi yaitali bwanji.

Mwanabele akadulidwa mopyapyala, n'kupakidwa utoto wowala, n'kuikidwa pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, chimene chimadabwitsa ndi dongosolo lake. Chakunja kuli timagulu tozungulira ta maselo a B, omwe amapanga ma antibody, timapuloteni togwira tizilombo. Chamkati kuli chigawo cha maselo a T, ndipo CD4 ndi CD8 ali m'gulu limeneli. Malire a zigawo ziwirizi amaoneka bwinobwino chikhalirecho palibe khoma. Ndipo m'chigawo chonse cha maselo a T mwayala ukonde wa timaulusi tolumikizana, selo lililonse litagwirana manja ndi anzake kumbali zonse. Amenewa ndi maselo a stroma otchedwa mwachidule FRC.

Ntchito zawo n'zingapo ndipo zimalukana. Amakulunga timaulusi ta kolajeni n'kupanga timapaipi tomwe timatenga madzi ochokera ku bala n'kuwafikitsa m'katikati mwa mwanabele msangamsanga. Amatulutsa timapuloteni tiwiri, CCL19 ndi CCL21, toitana maselo a T kuti achoke m'magazi abwere kuno. Mu 2006 gulu la a Ronald Germain ku America linajambula kanema wa m'kati mwa mwanabele wa mbewa yamoyo, ndipo linaona kuti maselo a T sayandama mwachisawawa: amakwawa potsata ukondewu, akafika pamphambano n'kukhota momwe ulusi wakhotera. Pa ukonde womwewo pamakhala patamatirira maselo ena amene anyamula tizidutswa ta kachilombo kuchokera ku bala. Apa ndiye pagona nzeru yonse. Selo la T lodziwa kachilombo kena kake, thupi lisanakumanepo nako, limakhala limodzi mwa maselo 100,000 kapena kuposerapo. Popanda njira zokumanitsira selo limodzi limeneli ndi wonyamula uthenga, kachilombo kakanatha ntchito yake awiriwo asanaonane.

Chaka chotsatira, mu 2007, gulu la a Sanjiv Luther ku Lausanne, m'dziko la Switzerland, linaonetsa kuti ma FRC ndiwo gwero lalikulu la puloteni ya IL-7 m'mwanabele. Selo la T lomwe silinakumanepo ndi mdani limafunika kulandira IL-7 pafupipafupi, apo ayi limafa lokha. Ndiye kukwawa kuja si kusaka kachilombo kokha, komanso n'kudya. Nawonso ma FRC sangakhale okha: amadalira puloteni ina, lymphotoxin, imene mbali yaikulu imachokera kwa maselo a CD4. Uyu amadyetsa uyo, uyo amadyetsa uyu.

Ngakhale kutupa kwenikweniko n'kwa maselo omwewa. Masiku onse ma FRC amakhala atadzikunga, akugwira mwanabele kuti akhale wamng'ono. Mu 2014 a Sophie Acton ndi anzawo ku London anapeza kuti maselo onyamula uthenga aja akafika n'kuwakhudza, ma FRC amamasuka n'kutambasuka, mwanabele n'kupeza malo olandirira maselo mamiliyoni amene akukhamukira mmenemo ndi kuswana. Chimene mayi uja amachigwira ndi zala ndi ukonde umene wadzitambasula dala.

M'timagulu ta maselo a B tija muli mtundu wina wa maselo a stroma, otchedwa FDC. Awa amatulutsa CXCL13, puloteni yoitana maselo okhawo amene ali ndi cholandirira chotchedwa CXCR5 pakhungu pawo. Komanso amagwira tizidutswa ta kachilombo kapena ta katemera pa timanthambi tawo, n'kutisunga milungu ngakhale miyezi. Maselo a B amapikisana kutola tizidutswati. Amene antibody wake wagwira mwamphamvu amapulumuka n'kuswana, wogwira mofooka amafa. Umo ndi momwe katemera amasandukira chitetezo chokhalitsa.

HIV inapezerapo mwayi pa dongosolo lokongolali, ndipo inapezerapo kawiri.

Koyamba ndi pobisala. Kale mu 1996 gulu la a Ashley Haase ku yunivesite ya Minnesota linawerenga kachilombo m'minofu ya anthu n'kupeza kuti kochuluka zedi kamakhala katamatirira pa ma FDC. Selo la FDC silidziwa kuti chimene lagwira n'chamoyo. Limangosunga monga mwa ntchito yake. Pafupi pomwepo pamakhala maselo a CD4 apadera othandiza maselo a B, ndipo amenewa ndiwo ndiwo zokoma za HIV. Maselo a CD8, omwe ntchito yawo ndi kupha maselo ogwidwa ndi kachilombo, ambiri alibe CXCR5, choncho kuitana kwa FDC sakumva ndipo amangozungulira kunja.

Apa ndi pamene ntchito ya ku Durban yaunika kwambiri. Kuyambira mu 2012, ku Umlazi, kumwera kwa mzindawu, kwakhala kukuchitika kafukufuku wotchedwa FRESH, yemwe amayendetsedwa ndi akatswiri monga Pulofesa Thumbi Ndung'u, a Krista Dong ndi a Bruce Walker. Atsikana a zaka zapakati pa 18 ndi 23 omwe alibe HIV amabwera kawiri pa mlungu kudzaphunzira za moyo, za kompyuta ndi za kapezedwe ka ntchito, ndipo ulendo uliwonse amabayidwa pachala kuti ayezedwe. Amene mwatsoka watenga kachilombo amadziwika patangopita masiku ochepa, zipangizo wamba za kuchipatala zisanayambe n'kuona kanthu, ndipo amayambitsidwa mankhwala nthawi yomweyo. Ndi malo ochepa pa dziko lapansi amene anathapo kuona masiku oyambirira a HIV pafupi chonchi.

Ena mwa atsikanawa anavomera kupereka mwanabele mmodzi kuti afufuzidwe. Si chinthu chaching'ono kulola mpeni pathupi pako pamene sukudwala, ndipo dziko liyenera kuwathokoza. Gulu la Pulofesa Zaza Ndhlovu, katswiri wa chitetezo cha m'thupi wochokera ku Zambia yemwe ali ku AHRI, linafalitsa zotsatira mu 2022. Ngakhale mwa anthu amene anayamba ma ARV m'masiku oyambirira penipeni, amene m'magazi mwawo kachilombo sikankaonekanso, ambiri anapezeka ndi zizindikiro za HIV m'timagulu ta maselo a B tija. Kumene maselo a CD8 anali amphamvu, kachilombo kotsalako kanali kochepa. M'chaka chomwecho gululi linafotokozanso chifukwa chimene ma CD8 ambiri salowera: malangizo opangira CXCR5 alimo m'selo, koma ndi otsekedwa. Ngati patapezeka njira yabwino yowatsekulira, opha aja akhoza kulowa kumene kachilombo kabisala. Malire amene maselo a stroma anaika pofuna kuteteza ntchito yopanga ma antibody ndi omwewo amene akutchinjiriza mdani.

Mu March 2025, pa msonkhano wa akatswiri a HIV wotchedwa CROI ku San Francisco, a Ndung'u analengeza zotsatira za kafukufuku wina pa amayi 20 ochokera m'gulu la FRESH. Anapatsidwa ma antibody awiri amphamvu pamodzi ndi mankhwala odzutsa chitetezo, kenaka n'kusiyitsidwa ma ARV madokotala akuwayang'anira mosamalitsa. Anayi anakhalabe opanda mankhwala kwa nthawi yoposa chaka, kachilombo kali koponderezedwa. Enawo anabwerera pa ma ARV. Awa si machiritso, ndipo wina asayerekeze kuyesa yekha kunyumba. Koma n'chizindikiro kuti thupi limene lathandizidwa msanga limasunga mphamvu zina zimene thupi lochedwa limataya.

Kutayako ndiye njira yachiwiri imene HIV imapwetekera, ndipo kwa ife owerenga wamba iyi ndiyo yofunika kwambiri. Mu 2002 a Timothy Schacker, a Haase ndi anzawo ku Minnesota anaona kuti anabele a anthu omwe akhala ndi HIV nthawi yaitali amadzaza kolajeni, ulusi wolimba womwewo umene umapanga chipsera bala likapola. Anapezanso kuti amene anali ndi zipsera zambiri m'chigawo cha maselo a T, CD4 yawo inkakwera pang'ono atayamba mankhwala. Kafukufuku wotsatira, wa mu 2011 ndi 2012, pa anthu ndi pa anyani, anaonetsa mmene zimachitikira. Kachilombo kakamaswana chaka ndi chaka, mwanabele amakhala wotukusira osapuma, ndipo thupi poyesa kuziziritsa limatulutsa puloteni ya TGF-beta, imene imachulukitsa kolajeni. Kolajeniyo amakwirira ukonde wa ma FRC, maselo a T n'kulephera kufikira IL-7, n'kumafa, ngakhale amene kachilombo sikanawakhudze. Ma CD4 akachepa, lymphotoxin amachepanso, ma FRC n'kumafa, IL-7 n'kucheperachepera. Kudyetsana kuja kumasanduka kuphana ndi njala.

Ma ARV amaletsa kachilombo kuswana, koma sachotsa chipsera. Mwa anthu amene anayamba mankhwala msanga, ukonde unkabwerera bwino. Mwa amene anayamba mochedwa, unkabwerera pang'onopang'ono ndiponso osakwanira. Izi zimathandiza kumvetsa chinthu chimene chimaliza anthu ambiri m'zipatala zathu. Munthu amamwa mankhwala mokhulupirika, osadumphitsa tsiku, kachilombo sikakuonekanso m'magazi, koma CD4 yake yakanirira pa 200 kapena 300, pamene ya munthu wathanzi imakhala pakati pa 500 ndi 1,500. Achibale amayamba kumukayikira kuti mwina amataya mapilitsi. Nthawi zambiri si choncho ayi. Akatswiri anayesapo losartan, mankhwala a kuthamanga kwa magazi omwe amachepetsa zipsera m'ziwalo zina, koma zotsatira zomwe zinatuluka mu 2021 sizinaonetse phindu. Njira yodalirika mpaka lero ndi kusalola kuti zipserazo zichuluke.

Pali chinanso chimene chiyenera kutidetsa nkhawa tonse, odwala ndi osadwala omwe. Mu 2018 Dokotala Cissy Kityo wa ku Joint Clinical Research Centre mumzinda wa Kampala, mogwirizana ndi gulu la ku Minnesota lija, anayerekeza anabele a anthu opanda HIV a ku Uganda ndi a ku America. A ku Uganda anali ndi zipsera zambiri ndi ukonde woperewera, mofanana ndi anthu a ku America omwe ali ndi HIV. Atabayidwa katemera wa yellow fever, amene ukonde wawo unali woonongeka kwambiri anapanga chitetezo chofookerapo. Ofufuzawo akuganiza kuti matenda ena amene timakhala nawo kuyambira ubwana ndi amene amasiya zipserazi. Ngati zili choncho, ndiye kuti kulimbana ndi malungo, likodzo ndi njoka za m'mimba sikungothandiza mwana lero lokha, koma kungamusungirenso thupi lomva katemera mawa. Ndiponso katemera woyesedwa ku Ulaya kokha sitingangoti agwira chimodzimodzi ku Nsanje kapena ku Petauke. Ayenera kuyesedwa mwa ife, ndipo malabotale onga a ku Durban ayenera kuchuluka mu Africa, Blantyre ndi Lusaka osatsalira.

Pa chifuwa chachikulu napo nkhani ndi yomweyo, mwachidule. Mu 2019 gulu la a Alasdair Leslie a ku AHRI, pamodzi ndi la a Shabaana Khader ku St. Louis, linaonetsa kuti phapo likagwidwa ndi TB limatha kumanga timagulu tofanana ndi ta m'mwanabele pamalo pomwepo, pogwiritsa ntchito CXCL13 yemwe uja, ndipo mbewa zimene zinalephera kumanga timaguluti zinkagonja msanga ku matendawa.

Tsopano tibwere kwa abale athu. Mu Durban muli Amalawi ambirimbiri, ochokera ku Mangochi, Machinga, Mzimba, Nkhata Bay ndi maboma ena, ogwira ntchito m'mashopu, m'nyumba za anthu, m'mafakitale osoka zovala ndi pa zipata monga alonda. Ambiri amayenda tsiku ndi tsiku kufupi ndi malabotale amenewa osadziwa kuti zimene zikupezeka mmenemo zikunena za matupi awo. Mantha awo ndi omveka. Anaona zipolowe zothamangitsa alendo za mu 2015 pamene anthu anathawira m'misasa ku Isipingo ndi Chatsworth, anaona za mu 2019 ku Sydenham, ndipo mu 2025 magulu ena ankaima pa zipata za zipatala za boma mu Durban ndi Johannesburg n'kumafunsa anthu ziphaso. Munthu wopanda mapepala akamva kutentha thupi amagula Panado n'kupita kuntchito. Amene anayamba ma ARV kumudzi amadalira kuti achibale amutumizire kudzera mwa matransipota, ndipo katundu akachedwa pa Beitbridge amakhala milungu wopanda mankhwala. Komatu kachilombo kobisala kaja sikafuna nthawi yaitali: mwa anthu ambiri kamaonekanso m'magazi pakangopita milungu iwiri kapena inayi mankhwala atalekedwa, kutukusira n'kuyambiranso.

Kuthamangitsa munthu pa chipata cha chipatala ndi nkhanza, komanso ndi umbuli, chifukwa TB ndi HIV sizifunsa chiphaso zikamachoka kwa mlendo kupita kwa mwini dziko. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limanena kuti aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe amene angakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Kuyambira mu September 2016 dzikoli limapereka ma ARV kwa aliyense wopezeka ndi kachilombo posadikira kuti CD4 itsike, monganso Malawi anayambira chaka chomwecho, kutsatira kafukufuku wa START wa mu 2015 amene anatsimikiza kuti kuyamba msanga kumachepetsa matenda aakulu. Kale tinkauzidwa kuti tidikire chitetezo chitsike kaye. Zaka zodikira zimenezo n'zimene zipsera zinkaunjikana.

Ndipo pa mwanabele weniweniyo tisamale. Wotuluka chifukwa cha bala kapena zilonda za kukhosi amapweteka ndipo amaphwa pakapita mlungu umodzi kapena iwiri. Koma wosapweteka, wolimba, wokulirakulira, woposa masentimita awiri, kapena anabele angapo omatana m'khosi, makamaka munthu akamatuluka thukuta usiku ndi kuonda, akhoza kukhala TB ya m'anabele kapena khansa. Anabele otupa malo awiri kapena kuposerapo kwa miyezi itatu amapezekanso mwa anthu omwe ali ndi HIV koma akuoneka athanzi. Oterewa si otemera mphini kapena kuthowa ndi madzi otentha. Dokotala amatenga timadzi ndi kasingano, n'kukayeza, ndipo TB ya m'anabele imachizika ndi mankhwala a miyezi 6.

Inu amene muli kujoni, kapena mukukonzekera ulendo, yezetsani musananyamuke ndipo muziyezetsabe mukafika. Ngati muli pa ma ARV, tengani buku lanu la kuchipatala ndi kalata yosamutsira, mukalembetse pa kiliniki yapafupi mankhwala a m'chikwama asanathe. Akakubwezani pa chipata china, pitani pa china, ndipo uzani atsogoleri a mpingo, a mzikiti kapena a gulu la Amalawi la m'dera lanu kuti akuperekezeni.